Madala Odziwa Kufa a ku Dudley

Nellie anatsika basi ku Dudley kukuwaza kamvula kozizira, kaja kolowa m'mafupa kopanda odi. Anali nesi wa usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba. Tsikulo anali awiri okha ndi Chelsea, mtsikana wachizungu wokonda tiyi kuposa ntchito.

M'chipinda chakumapeto munkagona a Gray, nkhalamba yotheratu. Pa unyamata wawo ankasewera mafilimu a makauboyi ku Spain. Musaganize kuti anali ngwazi yopulumutsa mudzi, ayi. Ntchito yawo inali kufa. Mfuti ikalira, iwo khu! kugwa pa hatchi, osagwedezekanso mpaka wojambula atakhutira.

Luso limeneli sanaliphunzire kusukulu. Asanayambe mafilimu anamenya nkhondo ku Korea, ndipo tsiku lina gulu lawo lonse linathera m'chigwa. Iwo anagona pakati pa mitembo ya anzawo usiku wonse, adani akuyendayenda n'kumabaya aliyense ndi mpeni wa kumfuti kuti aone ngati watsala wamoyo. Anawabaya pantchafu. Sanakuwe, sanaphethire.

N'chifukwa chake ankaopa chinthu chimodzi chokha.

"Nellie," ankatero atamugwira yunifolomu, "ndinapusitsa asilikali, ndinapusitsa kamera. Tsiku langa likadzafika udzaonetsetse. Asadzanditenge ndili moyo."

Nellie analonjeza akuseka.

Usiku umenewo kuseka kunatha. Atalowa kuti awatembenuze, anawapeza ali zii. Anagwira mtsempha wa pakhosi, palibe. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, anawaunika m'maso ndi tochi, kenako anabwereza zonsezo. A Gray anali atatisiya.

Chelsea anabwera n'kutsegula zenera, monga amachitira manesi akuno kuti mzimu utuluke. Anazimitsa magetsi.

"Tiye. A kampani ya maliro abwera m'mawa."

"Tiwasiye okha?" anafunsa Nellie.

"Nanga athawa?"

Kwa eni kulibe mkuwe, Nellie anatuluka. Koma mtima unakana. Kwawo ku Ntcheu maliro sagona okha, anthu amachezera nawo mpaka kuche. Chelsea atakwera m'mwamba kukaona okalamba ena, iye anabwerera. Anatseka zenera lija poti chisanu chinali chodula zala, n'kukhala pampando pafupi ndi bedi. Anayamba kuimba nyimbo ya pamaliro chapansipansi.

Sanafike ndime yachiwiri.

M'kholido munamveka jombo. Gu. Gu. M'nyumba ija munalibe wovala jombo, okalamba amangokhwekhwereza masilipasi. Jombozo zinaima pa chitseko choyamba. Kenako phokoso lina, fwe, ngati chitsulo cholowa m'thumba la chimanga. Zinayendanso. Zinaima pa chitseko chachiwiri. Fwe.

Sanali munthu mmodzi. Ankayankhulana motsitsa mawu m'chinenero chimene Nellie anali asanachimvepo. M'chipindamo munayamba kununkha matope ndi wonga.

Nellie anafuna kuimirira kuti akanikize belu, Chelsea atsike. Pomwepo dzanja linatuluka m'nsalu n'kumugwira pamkono. Linali lozizira, koma lamphamvu. Linamukokera pansi.

"Gona," anatero mawu a madala aja. "Usapume."

Nellie anagona chafufumimba, tsaya lili pansi. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Jombo zamatope zinafika n'kuima pafupi ndi mphuno yake. Pamwamba pake bedi linagwedezeka. Fwe. Palibe anabuula.

Kenako chinthu chosongoka chinakhudza nthiti zake, n'kudikira. Mayi wa Mvano wathunthu, wotsogolera mapemphero Lachinayi lililonse, koma apa ngakhale Atate Wathu anamuthawa. Chifuwa chinkatentha kufuna mpweya. Anachita mantha amene sanawachitepo chibadwire.

Jombo zija zinatembenuka, zinatuluka, zinka zizilala.

Kutacha Chelsea anamupeza pomwepo, m'mbali mwa bedi la maliro, maso ali tong'o. Mtsikanayo anakuwa poyesa kuti maliro ndi awiri. Iye akuti sanamve kanthu usiku wonse. Okalamba ena onse anadzuka bwinobwino akuitanitsa phala. Pansi panalibe matope ngakhale pang'ono.

Nellie anakana kuti thupi lichoke. Analira, anaumirira kuti pabwere dokotala. Dokotala anabwera, anayeza, n'kunena kuti bamboyu anamwalira usiku wathawu. Anauza Nellie mwaulemu kuti apite akapume. A kampani ya maliro anatseka zipi ya thumba la mtembo iye akuyang'ana, zala za a Gray zitadindika pamkono pake.

Lamlungu ku tchalitchi ku Kings Heath nkhani inali manong'onong'o okhaokha.

"Iwe Nellie, vuto ndi windo ija," anatero Roselyn, nesi mnzake amene anabwera kuno kalekale. "Azunguwa satsegula for nothing. Unamutsekera munthu, ndiye omutenga anachita kulowera ku main door."

Ena anati ndi ma night shift, akachuluka amasokoneza mutu.

Nellie za zenera analibe nazo ntchito. Ankangoganiza za dzanja lija, chifukwa wakufa sagwira munthu choncho. Analonjeza kuti adzaonetsetsa, ndipo anayeza monga anaphunzirira. Koma asilikali a m'chigwa muja nawonso anayeza.

Lachisanu lotsatira anakawotcha a Gray, monga amachitira eni dziko. Nellie sanapiteko. Anakhala m'khichini mwake, poti madala aja ankawadziwa bwino. Ngakhale moto uwafike, sangakuwe.