Njinga ya Malemu Japhet

Mzere wa tayala la njinga pafumbi si chinthu choti munthu n'kuimira. Koma m'mudzi wina kumunsi kwa Lirangwe, mbali yoloza ku Chileka, amayi opita kumjigo mbandakucha anayamba kutula zidebe n'kumaloza pansi. Mzerewo unkadutsa malo amene njinga siyenda: kuseri kwa zimbudzi, pakati pa makola a mbuzi, m'mizere ya minda yososa kale. Pambali pake pankakhala mapazi, kusonyeza kuti njingayo sankaikwera koma kuikankha. Chosokoneza mutu chinali choti mapaziwo sankafanana. Lero a bambo wosavala nsapato, mawa timasilipasi ta mayi, mkuja majombo.

Mudziwo n'kuti uli kale ndi chilonda. Japhet wa kabaza, yemwe ankanyamula odwala, matumba a feteleza ngakhale akwati, anapezeka m'ngalande atamutema m'mutu, njinga yake itapita. Pamaliro ake, apampando achitetezo cha m'mudzi, a January, analankhula maso ali psu. "Tatopa! Mbuzi atibera, mabatire a sola atibera, lero ayamba kutipha. Pakhomo pamene tidzapeze njinga ya Japhet, mwini khomolo asadzatifunse mafunso." Anthu anawomba m'manja. Tangoganizani, kuwomba m'manja pamaliro!

Leah, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lirangwe, naye anawomba, koma mtima wake unali kunyumba. Kumeneko kunali mlongo wake wamng'ono Maxwell, yemwe anali atangotuluka kundende pa mlandu woba foni m'tauni. Chibwerereni, nkhuku ikasowa maso onse ankaloza kwa iye. Ankati mbuzi ikalawa mchere siigwirika. Leah ankadziwa kuti tsiku limene anthuwa adzafune munthu woti amuotche, sadzayenda mtunda wautali.

Kenako panabwera za phokoso. Njinga ya Japhet inali ndi kaliridwe kake, aliyense ankakadziwa: tche, tche, tche kutayala lakumbuyo, n'kumaliza ndi kwiii ngati chitseko cha khola. Anthu anayamba kunong'onezana kuti amaimva usiku.

"Ineyo ndaimva ndi makutu angawa, amwali," anatero mayi a Prince, neba wa Leah, ali pamzere wa kumjigo. "Inadutsa pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuyambanso. Agalu onse zii."

"Ndiye simunasuzumire?"

"Ndisuzumire ine? Akuti ndi mwini wake akuikankha. Akufunafuna khomo la amene anamupha."

"Nanga mapazi aja bwanji akusinthasintha? Mzukwa umavala masilipasi?"

Mayi a Prince sanaseke. Anangoyang'ana kumbali n'kusenza ndowa yawo isanadzaze n'komwe.

Zonena zinachuluka moti mutu wa munthu unkazungulira. Ena ankati a January ndi anyamata awo analondola mzerewo tsiku lathunthu, ukuzungulira mudzi ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka unawafikitsa pamene anayambira. Ena ankati wakuphayo ndi wa ku Mdeka ndipo anaikhwimira njingayo kuti isaoneke masana. Mkulu wina wa mpingo analengeza kuti zonsezi n'zabodza, koma mawa lake anawaona akumwaza mchere kuzungulira bwalo lawo. Achitetezo anawonjezera mawezulo ndi zibonga. Ankayenda m'magulu akulankhula mokweza, ndipo kunena zoona ankachita zimenezi kuti chinthucho chiwamve n'kuwalambalala.

Usiku wina kunatentha moti tulo tinakana. Leah anali gone pamkeka, akumva mileme kudenga ndi galimoto zakutali pamsewu waukulu, pamene phokosolo linatulukira kumunda. Tche, tche, tche. Linkabwera mosafulumira, ngati munthu wodziwa kumene akupita. Linadutsa pamtengo wa mango, linadutsa pabafa, ndipo linafika pafupi kwambiri moti Leah anamva tayala likuphwanya masamba ouma. Kenako kwiii. Chinachake chinagunda khoma la khitchini pang'ono, ndipo kunja kunangoti zii.

Anakhala nthawi yaitali atadziluma chala. Anachita mantha, mantha enieni. Koma m'chipinda chinacho munali Maxwell, choncho Leah anakwawa n'kutsegula chitseko.

Inali pomwepo, itatsamira khoma: njinga yakuda, khushoni yofiira pakaliyala. Panalibe munthu.

Kalanga ine! Yabwera yokha? Aibweretsa adani? Kapena, Mulungu akhululuke, Maxwell yemweyu? Leah anaganiza zonse zitatu nthawi imodzi, ndipo chilichonse chinkaoneka choona. Anayandikira n'kuigwira. Chitsulo chinali chozizira, koma zogwirira zinali zofunda ndi zonyowa, ngati manja angochokapo kumene. Tcheni chinkanunkha mafuta ophikira. Belu anali atalikulunga ndi kansalu kuti lisalire, ndipo atawalitsa foni yake m'chikhato, kansaluko anakazindikira. Kanali kong'ambidwa ku chitenje cha maluwa achikasu chimene mayi a Prince ankatchinjirizira ndowa pamutu.

Apo m'pamene zinamulowa. Njingayi inalibe mzukwa. Wakuba uja, ataona kuti yamutentha m'manja, anaitaya pakhomo pa munthu. Munthuyo, pokumbukira mawu a a January, anaibisa masana n'kukaitula kwa mnzake usiku, mnzakeyo kwa winanso, mpaka mudzi wonse wakhala ukupatsirana ngati chimfine. Ndipo lero inali nthawi yake.

Kupolisi? Aliyense amadziwa kuti wotola ndiye amayamba kulowa m'chitokosi, nanga wotola wokhala ndi mlongo wochokera kundende? Leah anavula masilipasi n'kuyamba kukankha. Ankafuna kukaiponya kudambo, koma atangodutsa manda anaona matochi achitetezo akubwera mbali yomweyo. Njingayo inkalira m'manja mwake ngati ikuitana anthu. Anakhotera kumanzere, anadutsa m'chinangwa, ndipo mpanda woyamba umene anaupeza anaitsamiritsa pomwepo n'kuthawa. Unali mpanda wa a Solomon, bambo wosoka nsapato wolumala mwendo, amene sanayambanepo ndi munthu.

Atafika kunyumba anapeza Maxwell atakhala pakhonde, atavala kale malaya.

"Achemwali, mwakaisiya kwa ndani?"

"Kagone, Maki."

"Ndinakutsatirani mpaka pachinangwa. A Solomon atilakwira chiyani?"

"Nawonso aikankha, iwe! Onse akukankha. Ukufuna akuotche?"

"A Solomon mwendo uja aikankha bwanji? Kuwachera ili pompo." Anaimirira. "Ine ndinabapo, inde, ndipo ndinagwira ukaidi wake. Koma kuikira munthu moto pakhomo, ayi. Ndikaitenga ndikaitule kupolisi ku Lirangwe. Andimange ngati akufuna."

Leah anamugwira malaya, anamutukwana, anamuchonderera m'dzina la malemu mayi awo. Maxwell anamasula zala zake chimodzichimodzi, mofatsa, n'kulowa mumdima. Leah anatsala ataima pabwalo, osadziwa ngati athamangire kumbuyo kwake kapena akuwe, ndipo posadziwapo sanachite chilichonse.

Tambala atalira kachiwiri, wezulo inalira cha kunjira ya kumsika. Ina inayankha, kenako ina, kenako mfuu. "Wagwidwa! Wagwidwa nayo m'manja!"

Leah anathamanga chitenje chili m'manja. Anapeza mudzi wonse utazungulira pamphambano, kum'mawa kukuyamba kufiira. Maxwell anali pansi, magazi akutuluka m'kamwa, njinga ili gone pambali pake. Mnyamata wina wachitetezo ankagubuduza tayala lagalimoto, ndipo wina anali atathamangira kokatenga petulo.

"Sindinanene ine?" a January ankakuwa. "Sindinanene?"

"A January, dikirani!" Leah anadzigwetsa pamwamba pa mlongo wake. "Si iyeyu! Njingayi ndinaipeza pakhitchini panga usiku womwewu, ndipo ndine ndinaikankha kukaisiya kwa a Solomon. Iyeyu amapita nayo kupolisi. Nanenso wina anandisiyira! Nenani, anthuni, inu nonse mukudziwa. Amene sanaigwireko njingayi akweze dzanja!"

Palibe anakweza dzanja. Leah anayang'ana nkhope imodziimodzi. Mkulu wa mpingo uja ankayang'ana zala zake zakuphazi. Mwini golosale ankakanda m'khosi. Ngakhale a January anatsitsa chibonga chawo, ndipo Leah anadzifunsa ngati majombo aja sanali awo. Anthu onsewa sanagone kwa masabata, ndipo pankhope zawo Leah sanaonepo ukali. Anaonapo kupuma, kupuma kwa munthu amene watula katundu wolemera.

Wa petulo uja anafika, chigubu chikuchita khuvukhuvu, ndipo anthu anamupatukira.

"Mayi a Prince!" Leah analira. "Chitenje chanu chili pabelupo! Lankhulani, amwali, chonde!"

Mayi a Prince anatuluka m'gulumo pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe. Anagwada pafumbi, anamugwira Leah paphewa ngati mmene amagwirira namfedwa, n'kuyandikiza pakamwa kukhutu kwake.

"Leah, dzuka, khala chete," ananong'ona. "Ikachoka pa iyeyu, ibwerera kwa ndani?"