Tsiku Limene Bambo Anagwira Mthiko

Eneles anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku lokeshoni ya Harare, pafupi ndi msika waukulu wa Musika. Eneles ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake adye.

Amayi anali atasiya kudya.

Masiku amenewo kunali nkhondo. Anyamata ambiri ankachoka osatsanzika. Achimwene ake a Eneles, a Yosiya, nawonso anachoka. Anapita kusukulu m'mawa, osabwerako. Anthu ankanong'ona kuti anawoloka malire kukalowa gulu lomenya nkhondo.

Kuyambira tsiku limenelo, amayi ankaphika koma osadya. Ankalawa pang'ono, n'kukankha mbale. Mpunga ankakankha. Mbatata ankakankha. Buledi ankakankha. Ngakhale tiyi wamkaka ankazizira m'kapu.

"Amayi, idyani," ankatero Eneles.

"Ndakhuta, mwanangu," ankayankha amayi.

Koma kukhuta kwake kuti? Diresi yawo yabuluu inayamba kuwakulira. Eneles ankaona. Mtima unkamupweteka kwambiri.

Bambo a Eneles, a Laston, anali khuki. Ankaphikira azungu kumayadi. Ankagona komweko. Kunyumba ankabwera Lamlungu lokha, panjinga.

Bambo ankadziwa kuphika keke. Ankadziwa kuphika supu. Ankadziwa kuwotcha nkhuku yathunthu. Koma kunyumba kwawo sankakhudza poto. Ayi ndithu, ngakhale ndi chala.

"Ine ndimaphika kuntchito," ankatero. "Pakhomo pano poto ndi wa amayi ako. Mwamuna akaphika pakhomo, anzake amamuseka."

Lamlungu lina bambo ankapukuta njinga pakhonde. Eneles anakhala pafupi nawo.

"Bambo, kodi adona akuntchito kwanu amadya?"

"Masiku ano sakudya bwino," anayankha bambo. "Mwana wawo nayenso ali kunkhondo. Koma iye ali mbali inayo, ya boma."

"Amalira?"

"Amalira. Amatseka chitseko, koma ndimawamva."

Eneles sankadziwa kuti adona nawonso amalira.

"Ndiye inu mumatani?"

"Ndimawaphikira maapozi. Ndimathira shuga ndi sinamoni. Amenewo ndiye amadya."

"Nanga amayi?" anafunsa Eneles.

Bambo anapukuta belu la njinga. Analipukutanso. Belulo linali lowala kale.

Loweruka Eneles anapita ku Musika. Kumeneko Mayi Paulina ankagulitsa maapozi ochokera ku Inyanga. Mayi Paulina ankayankhula Chishona, koma Chichewa ankachimva.

"Uya pano, mwanangu," anamuitana. "Amai vako vakadii?" Ankafunsa kuti amayi ake ali bwanji.

"Sakudyabe," anayankha Eneles. "Ndikufuna kuwaphikira maapozi."

"Kuphika maapozi? Hezvo! Zachizungu zimenezo."

Mayi Paulina anaseka. Kenako anasiya kuseka. Anakoka bokosi pansi pa tebulo. M'bokosimo munali maapozi a mabala. Anagundana m'lole pobwera. Mayi Paulina anasankha asanu.

"Tora," anatero, akumupatsa maapoziwo. "Pamene pali bala udule, utaye. Kwinako n'kwabwino."

Eneles anathokoza. Anabisa maapoziwo m'dengu, pansi pa nsalu.

Lamlungu bambo anabwera. Eneles anawaonetsa dengu. Bambo anayang'ana maapozi. Anayang'ana Eneles. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kapepala kopindapinda. M'kapepalamo munali ufa wofiirira. Unkanunkhira bwino.

"Sinamoni," anatero bambo. "Ndagula kwa amwenye."

Eneles analumpha. "Ndiye muphika!"

"Ayi. Uphika ndiwe. Ine ndizingokuuza."

Amayi anali gone m'chipinda. Bambo anatenga mpando. Anauika pakhomo la khitchini. Anakhala moyang'ana kumsewu, poto ali kumbuyo. Anatambasula nyuzipepala. Ankafuna kuti aliyense wodutsa aone kuti a Laston sakuphika.

"Senda maapozi," anatero bambo, osacheuka.

Eneles anasenda.

"Chotsa njere. Dula tizidutswa."

Eneles anachotsa njere. Anadula tizidutswa.

"Ika m'poto. Thira shuga, masupuni atatu. Thira madzi pang'ono. Pang'ono ndithu."

Eneles anathira shuga. Anathira madzi pang'ono ndithu.

Tsopano pulayimasi, kasitovu ka palafini. Eneles ankadziwa kuyatsa, chifukwa amayi anamuphunzitsa. Anayatsa. Anapopa. Anapopanso. Anapopanso kachitatu. Pulayimasi anayamba kulira, fooo! Moto unali wabuluu, waukali.

"Vundikira," anatero bambo. "Usavundukule mpaka nditamaliza tsamba lino."

Apa ndi pamene bambo analakwitsa. Kuntchito ankaphikira pa sitovu yamagetsi. Sitovu imeneyo imamvera. Ukaiuza kuti pang'ono, imachita pang'ono. Koma pulayimasi ndi wamakani. Ukamupopa katatu, samva za munthu.

Bambo anawerenga. Eneles anadikira. Poto anayamba kuthetheka. Kautsi kanatuluka m'mbali mwa chivundikiro.

Mphuno ya bambo inagwedera. Anakweza nyuzipepala. Mphuno inagwederanso.

"Bambo, akupserera!" analira Eneles. "Maapozi a amayi akupserera!"

Bambo anayang'ana kumsewu. Anthu ankadutsa, akuchokera kutchalitchi. Bambo anayang'ana mwana wawo. Misozi inali mbwembwembwe.

Nyuzipepala inagwa pansi.

Bambo analumphira m'khitchini. Anaphula poto. Anaphwetsa pulayimasi pang'ono, tsiii! Moto unachepa. Anatenga poto wina. Anasankha tizidutswa tosapserera, kamodzikamodzi. Tambiri tinali tabwino.

"Usalire," anatero bambo. "Apulumuka. Ndipatse majarini."

Eneles anawapatsa majarini.

"Ndipatse madzi. Ndipatse sinamoni. Ndipatse mthiko."

Eneles anawapatsa mthiko. Bambo anagwada pansi. Anayamba kutakasa pang'onopang'ono. Maapozi anayamba kufewa. Madzi ake anasanduka ofiirira, onanda ngati uchi. Fungo linadzaza khitchini. Linatuluka pakhomo. Linadumpha mpanda.

Kuseri kwa mpanda kunatulukira mutu. Anali a Yoramu, a nyumba yoyandikana nayo. A Yoramu ankakonda kuseka anzawo.

"A Laston!" anafuula. "Kodi maso angawa akuona bwino? Mukuphika?"

Dzanja la bambo linaima. Eneles anachita mantha. Ankaganiza kuti bambo aika mthiko pansi.

Bambo anapuma kamodzi.

"Eya, a Yoramu," anayankha. "Ndikuphika. Ndikuphikira mkazi wanga."

Dzanja linayambanso kutakasa.

A Yoramu anatsegula pakamwa kuti aseke. Koma fungo linawalowa m'mphuno. Anameza malovu. "Komatu zikununkhira," anatero. Mutu unabwerera kuseri kwa mpanda.

Chitseko cha chipinda chinalira. Amayi anatuluka. Ankayenda pang'onopang'ono, atagwira khoma.

"Chikununkhira n'chiyani?" anafunsa.

Kenako anaona. Anaona bambo atagwada. Anaona mthiko m'manja mwawo. Amayi anagwira pakamwa.

"Bambo a Yosiya! Ndinu kodi?"

"Ndine, mayi a Yosiya. Khalani pansi."

Amayi anakhala pampando uja. Bambo anapakula maapozi m'mbale. Eneles anainyamula ndi manja awiri. Anagwada n'kupereka.

Amayi anayang'ana mbale. Nthunzi inkakwera. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kuikankha.

"Ndidya bwanji zokoma?" anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga ali kuthengo. Kaya akudya chiyani. Kaya akudya n'komwe."

Eneles anagwira mbale ija kuti isapite patali. Anayang'ana bambo.

Bambo anapukuta manja. Anabwera pafupi.

"Inenso sindikudziwa," anatero. "Ndimaganiza tsiku lililonse. Ndikamasenda mbatata ndimaganiza. Ndikamapalasa njinga ndimaganiza. Koma njala yanu siimufika iye. Siimukhutitsa."



"Achimwene akadzabwera adzakufunani, amayi," anatero Eneles. "Inenso ndikukufunani. Ndikukufunani panopa."

Misozi inatsika m'masaya mwa amayi. Anamukoka Eneles n'kumukumbatira. Anamugwira nthawi yaitali.

"Pepa, mwanangu," ananong'ona. "Ndinaiwala kuti nawenso ukuona."

Kenako amayi anatenga supuni. Anatapa pang'ono. Anauzira. Analawa.

Eneles sanapume. Bambo sanapume.

Amayi anatseka maso. Anatafuna. Anameza. Anatapanso. Supuni yachiwiri inali yodzaza. Yachitatu inali yodzaza kwambiri.

"Bambo a Yosiya," anatero amayi.

"Ee?"

"Takhala m'banja zaka makumi awiri. Zaka zonsezi mumadyetsa azungu zinthu zotere. Ine osandilawitsa ngakhale kamodzi!"

Bambo anakanda m'mutu. Anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

Amayi anaseka. Kanali kaseko kakang'ono. Koma kanali koyamba chichokereni Yosiya. Eneles nayenso anaseka. Mtima wake unakhala pansi.

Bambo anapakulira Eneles. Anadzipakulira okha pang'ono. Onse atatu anadya pakhomo la khitchini, dzuwa likuwala, anthu akudutsa. Maapozi anali ofewa. Anali otsekemera. Anali ofunda mpaka m'mimba.

Amayi anamaliza. Anapala mbale ndi supuni. Anapalanso. Kenako anasuzumira m'poto.

"Kodi atsalamo?" anafunsa.

"Atsala pang'ono," anayankha Eneles.

Amayi anatambasula dzanja ndi mbale yawo.

"Ndiwonjezere, mwanangu. Ndili ndi njala."