Zilembo za Kuseri kwa Njuchi

Anatsika basi ya m'mawa pamudzi wa Sunaipatti ali yekha, tsiku Lachiwiri, kumsana atabereka chitini chachitali ngati nsungwi. Sanafunse nyumba ya munthu aliyense. Analunjika pa kanyumba ka tiyi ka Thenmozhi, nakhala pabenchi, n'kuyang'ana phiri la Thenparai ngati munthu amene wazindikira m'bale wake pagulu.

Thenmozhi anam'patsa madzi akumwa. Mlendoyo anatulutsa kansalu koyera, nasefa madziwo asanamwe. Atatha anafunsa ngati panali munthu amene angam'perekeze kuphanga la mabedi amiyala.

Funsolo linafika pa nthawi yowawa. Phirilo linali litazingidwa kale ndi timbendera tofiira ta anthu okumba miyala, ndipo Loweruka anati ayamba kuliphulitsa. Kasupe amene mudzi wonse umamwa amachokera m'mimba mwa phiri lomwelo. Anthu analemba kalata ku ofesi yoteteza zinthu zakale mumzinda wa Madurai, yankho n'kubwera lomveka: ngati kuphangako kulidi zilembo za makolo, bweretsani chidindo chake papepala, phirilo silikhudzidwa. Koma pakamwa pa phangalo panalendewera zisa za njuchi zikuluzikulu za m'matanthwe, ndipo palibe amene analowamo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Womaliza anali bambo ake a Thenmozhi, malemu, akufuna mbuzi yosokera, iye ali kamtsikana kogwira chala chawo.

Mlendoyo anati m'chitinimo munali mapepala, inki ndi burashi, ndipo ntchitoyo amaidziwa. Thenmozhi atafunsa dzina lake, anangomwetulira n'kunena kuti dzina silinyamula katundu.

Thenmozhi njira ankaikumbukira, koma njuchi zinkafuna mwini wake. Anapita kwa amalume ake, a Irulandi, amene anakalambira kufula uchi. Anawapeza akutukwana lole imene inadutsa n'kuwathira fumbi. Malole onse a kampani ya miyala anali ndi dzina limodzi pamphumi, la zilembo zofiira: Sripalan. Palibe m'mudzimo anamuonapo Sripalanyo, koma a Irulandi ankamutchula tsiku lonse. Akapunthwa, anali Sripalan. Tiyi akazizira, anali Sripalan.

"Munthu wosefa madzi ngati nkhalamba yopanda mano akakwera phiri limenelija?" anatero a Irulandi atamuona mlendoyo. "Chabwino, tiyeni Bambo Sefa. Mukagwa ndikakusiyani kwa ankhandwe."

Ananyamuka Lachitatu kusanatenthe, ndi mabulangeti atatu, chingwe, ndi mpunga wa bwemba wokulunga m'masamba a nthochi. Pamalire a nkhalango anadutsa akavalo adothi, aatali kuposa munthu, oimirira m'mizere kulondera mudzi. A Irulandi anavula nsapato n'kuwerama. Mlendo nayenso anavula zake.

Kupitirira apo kunali minga yokhayokha. Anakwawa m'tinjira ta nguluwe, miyala ikutentha mapazi. Masana anapeza chulu chofumulidwa kumene, dothi lake lidakali lonyowa, ndipo a Irulandi anakweza dzanja. Chimbalangondo chinali patsogolo pawo, mphuno ili m'dzenje, chikufwenthera chiswe. Anabwerera chafutambuyo n'kuzungulira m'khwawa, mtunda wa ola lathunthu. Thenmozhi anaona kuti mlendoyo, ngakhale pothawa, ankaponda mosamala kuti asaphe nyerere. Apo anadziwa kuti ndi wa chipembedzo cha Ajaini, amene sapha chamoyo chilichonse. Koma manja ake anali ofewa, wotchi yake yodula, ndipo timbendera tofiira tija ankatiyang'ana ngati amadziwa amene anatizika. Mtima wake unagawika. Bwanji ngati akumuonetsa njira munthu wodzayeza pobowola?

Dzuwa litapendeka anafika pa kachisi wa mulungu Siva wosemedwa m'thanthwe. Panalibe njerwa kapena matope. Nsanamira zinayi, denga, ng'ombe yogwada pakhomo, zonse zinali mwala umodzi umene anthu anaukumba ndi tchizulo mpaka unasanduka nyumba. Pakhoma panali mulungu wovina, mwendo uli m'mwamba, tsitsi litamwazika, ndipo kuwala kukasuntha ankaoneka ngati watsala pang'ono kuponda pansi. Mlendo anayendetsa zala pa mizere ya zilembo za Chitamil zozungulira nsanamira, n'kuwerenga za mfumukazi imene inapereka nkhosa makumi asanu ndi anayi kuti mafuta a nyale asathe. Anadya mofulumira dzuwa lisanalowe, monga mwa chikhalidwe cha Ajaini, ndipo anagona m'menemo.

Lachinayi anakwera thanthwe losalala pogwiritsa timapondero tosemedwa, tokwana zala za kuphazi zokha. Phangalo anayamba kulimva asanalione. Linkalira ngati chigayo chakutali. Pamwamba pa khomo lake panalendewera zisa zisanu ndi ziwiri, chilichonse ngati chitseko, zakuda bii ndi njuchi, zikuyenda mafunde ngati chikopa cha nyama yamoyo.

A Irulandi anayamba kumanga muuni wa udzu. Mlendo anawagwira dzanja. Anati mwaye ukadetsa zilembo, komanso iye sangagule phiri ndi imfa ya zamoyo zikwizikwi pakhomo pa anthu opatulika a chipembedzo chake, amene ankasesa njira asanaponde kuopa kupha tizilombo. A Irulandi anaponya udzuwo pansi, natukwana Sripalan, natukwananso tsiku limene anavomera kuyenda ndi wamisala. Mtima utatsika anavomera kuti njira ina ilipo. Mvula yamphamvu ikamagwa, njuchizi zimakumbatirana pachisa ndipo siziuluka. Koma polowa pasakhale fungo lililonse. Anamuuza Thenmozhi achotse maluwa oyera a m'tsitsi ndi kupaka matope pamafuta a kokonati.

Anadikira pansi pa mwala, njala ikuluma, chifukwa mpunga unali utatha m'mawa. Mitambo inaunjikana kum'mawa. Chakumasana mphezi inang'amba thambo, mvula n'kukhuthuka ngati yaboola. Phokoso la njuchi linazima. Anadzifunda mabulangeti, nakwawa mmodzimmodzi pansi pa zisa zija, mphuno zili pamwala.

M'katimo munali mouma. Anthu akale anasema kangalande pamphumi pa phangalo, ndipo madzi ankatsata kangalandeko n'kugwera m'mbali, m'chithaphwi chakuya cha m'thanthwe. Pansi panali mabedi khumi ndi awiri, osemedwa m'mwala, aliyense ndi kamtsamiro kake, osalala ngati apakidwa mafuta. Thenmozhi anagwada n'kusisita limodzi. Misana ingati inagona apa kuti mwala ufewe chonchi? Kukhoma la mkati kunakhala chifaniziro cha munthu wopinda miyendo, manja ali pachilolo, maambulera atatu pamutu, nkhope yake ili phee ngati madzi a m'chitsime.

Zilembo zinali pakhomo penipeni, mkono umodzi pansi pa chisa chachikulu. Sizinali zozungulira ngati za masiku ano. Zinali timizere towongoka, ngati mapazi a mbalame pamchenga. Mlendo anatsuka mwalawo, nayalapo pepala lokhuthala lonyowa, nalimenya pang'onopang'ono ndi burashi mpaka linalowa m'mphako iliyonse. Kenaka anadinda inki ndi kampira ka nsalu. Pepala linada, ndipo zilembo zinatuluka zoyera, chimodzichimodzi, ngati nyenyezi. Thenmozhi anayala bulangeti lake kuti aumitsirepo pepala loyambalo, mlendo n'kuyamba lachiwiri, limene linali ndi theka lotsala la mawuwo.

"Akuti chiyani, achimwene?" anafunsa monong'ona.

"Akuti, malo ogona awa anasemetsa ndi Atanai, mkazi wogulitsa mchere, wa m'mudzi wa pakasupe." Anamuyang'ana, maso akuwala. "Mudzi wanu, achemwali. Zaka zikwi ziwiri zapitazo unalipo kale, ukumwa madzi omwewa."

Thenmozhi anayang'ananso zilembozo. Anaona m'maganizo mayi wa mapazi ong'aluka, dengu la mchere pamutu, akukwera timapondero tomwe tija. Ndipo chifukwa onse awiri anali ataiwala dziko, palibe anaona kuti mvula yakata, kapena zimene a Irulandi ankachita kumbuyo.

Mkuluyo anali asanaimepo pamaso pa chifaniziro chopatulika n'kuchokapo chimanjamanja. Kwa iye kutero kunali kulowa m'nyumba ya eni osapereka moni. Mwambo wa moyo wonse unaposa nzeru za uchi. Anasolola kachidutswa ka lubani m'chiuno, nakaika pamapazi pa chifanizirocho, nakhwatcha machesi.

Utsi unayenda ndi denga mwaulesi, nutulukira pakhomo. Chisa chachikulu chinanjenjemera, kenaka chinasweka ngati mtambo.

A Irulandi anakuwa kuti athawire m'chithaphwi. Thenmozhi anakulunga pepala louma n'kuliponya m'chitini, koma njuchi zinali zitamufika kale m'khosi. Mlendo anavula bulangeti lake, nam'funditsa mutu wonse, n'kumukankhira kwa amalume ake. Iye anabwerera pakhomo. Pepala lachiwiri linali lidakali lonyowa pamwala, ndipo kulikoka mwaphuma kukanaling'amba.

Ali m'madzi ofika m'khosi, Thenmozhi anasuzumira pa kampata ka bulangeti. Zimene anaona sanaziiwale moyo wake wonse. Munthu uja anaima chilili, nkhope ndi mikono zitakutidwa ndi njuchi, akumatula pepala pang'onopang'ono ngati mayi wochotsa nsalu pachilonda cha mwana. Sanamenye njuchi ndi imodzi yomwe. Atatha analiika m'chitini, natseka, nayenda masitepe asanu, n'kugwa. A Irulandi anatuluka m'madzi akubuula, nam'kokera m'chithaphwimo.

Njuchi zitabwerera, anam'pala mbola ndi mpeni n'kumupaka njereza imene mkuluyo ankapaka pa masamba ake otafuna ngati fodya. Anatupa mpaka maso anatsekeka. Anam'manga ndi chingwe kumsana kwa a Irulandi, Thenmozhi n'kutsogola ndi chitini, akulozera phazi lililonse la amalume ake pa timapondero toterera. Khwawa lija linali litasanduka mtsinje wofiira. Analiwoloka atagwirana, chitini chili pamutu. Njira yonse a Irulandi ankalankhula ndi munthu wa kumsana kwawo, kumuopseza kuti akangofa amumenya, ndi kumuuza kuti chitsiru chachikulu padziko si Sripalan ayi, koma iwo.

Lachisanu m'mawa ngolo ya ng'ombe inawafikitsa kuchipatala cha pamsewu. Wodwalayo anali chikomokere, choncho a Irulandi anamulembetsa kuti Sefa. Atam'baya jakisoni anatsitsimuka, nakana kugonekedwa, ndipo masana anali m'basi ya ku Madurai, atatsamira phewa la Thenmozhi.

Ku ofesi kuja anapeza mayi wa imvi, wa magalasi okhuthala, akutseka mawindo. Mayiwo anayala mapepala awiriwo patebulo, nawalumikiza, nawerenga milomo ikugwedera. Kenaka anaimirira, monga momwe munthu amaimirira mkulu akalowa. Anaimba telefoni katatu, ndipo asanakhale pansi anawauza kuti Loweruka paphiri la Thenparai sipalira chilichonse. A Irulandi anapukuta maso n'kunamizira mbola.

Mayiwo anatenga cholembera. Anati lamulo limafuna dzina la amene anadinda mapepalawo, pakuti iyeyo ndiye adzaime ngati mboni eni kampani akadzatsutsa.

"Lembani Bambo Sefa," anatero a Irulandi. "Lina alibe."

Mlendo anayesa kuseka, milomo yotupa n'kukana. Anatembenukira kumene kunali Thenmozhi, ngakhale sankamuona bwino. Anati akanatchula dzina lake tsiku lija pabenchi, sakanapatsidwa ngakhale madzi. Mayi ake, asanamwalire, anam'phunzitsa kusefa madzi ndi kuwerenga miyala, ndipo anamuuza za phanga limene agogo awo ankapitako kukapembedza. Bambo ake anam'siyira zina, pakuti kampani ya miyala inali yawo. Kampani ija tsopano ili m'manja mwa abambo ake aang'ono, amene anam'seka atawapempha kuti alisiye phirilo.

"Makiyi onse ali ndi iwo," anatero. "Changa ndi dzina lokha, limene bambo anga analemba pa lole yawo yoyamba tsiku limene ndinabadwa. Amalume, mwakhala mukundiitana masiku atatu onsewa, ndipo kangapo ndinatsala pang'ono kuyankha."

Thenmozhi sanachotse dzanja lake pamkono wotupawo. Cholembera chinkadikira pamwamba pa pepala.

"Lembani, mayi," anatero mlendoyo. "Sripalan."