Mwala wa Pansi pa Tayala

"Nanga m'mawa kukazizira, adzakukankhirani ndani?"

Limeneli ndi funso limene Fyson, makaniko wa ku Chibanja, anawafunsa mayi Eness, amene ku Chiputula kuno timangoti a NyaMhango, tsiku limene anagula galimoto. Iwo anaseka. Ankayesa ndi nthabwala za amakaniko.

Zinali zaka zija ophunzira atayamba kuchuluka ku yunivesite, pamene aliyense wokhala ndi kapuloti ankamanga zipinda za lendi. A NyaMhango ankaperekera mazira ndi mabanzi m'mahositelo a ku Luwinga, koma njinga za kabaza, zija kuno timati sakaramento, zinkawaswera mazira m'mabampu. Amuna awo atatumiza ndalama kuchokera ku Joni, anagula galimoto kwa bambo wina amene ankasamukira ku Lilongwe. Inali yoyera, yaitali kumbuyo, ya dizilo, ya magiya a pamanja. Poiyesa masana amenewo inalira kamodzi n'kamodzi.

Fyson anafika mochedwa, makiyi ataperekedwa kale. Anaika chikhatho pa boneti n'kupukusa mutu.

"Yafunda iyi, anayamba ailiza musanafike. Amama, ya dizilo sigulidwa masana. Mumapita m'mamawa isanalizidwe, n'kuona mmene ikudzukira. Ngakhale munthu timamudziwa podzuka."

Anaisuzumira ponseponse n'kuwauza zoona. Mahita awiri, aja amatenthetsa injini isanalire, anali akufa. Batire linali lokalamba. Buleki ya pamanja sinkagwira bwino. Anawalangiza kuti asamagule dizilo wa m'zigubu chifukwa amamusakaniza ndi parafini, ndiponso kuti thanki isadzaume. Koma m'thumba munali mutauma kale, choncho zokonzazo zinadikira.

Funso lija linayankhidwa m'mawa wa tsiku lachitatu. Kunja kunali chifunga cha ku Mzuzu chija chimabisa ngakhale nyumba ya mnansi. A NyaMhango anapotokola kiyi kasanu, galimoto n'kumangobuula. Kenako anamva mawu pawindo.

"Odi, mayi. Imeneyi sifuna kupemphedwa, ifuna kukankhidwa."

Anali Che Iddi, mlonda wa simenti ndi zitsulo pa hositelo imene inkamangidwa kuseri kwa mpanda wawo. Anali bambo wamfupi wa ku Machinga, wa ndevu za imvi, amene chijasi chake chinkafika m'maondo. Kuzizira kwa kuno sanakuzolowere, ndipo Chitumbuka chawo chinkathera pa "yewo chomene".

Ndi iwo amene anakonza dongosolo. Bwalo la a NyaMhango lili m'munsi, ndipo pochoka pakhomo kukafika pageti pali kamtunda. Che Iddi anati galimoto izigona panja, pafupi ndi moto wawo, itayang'ana kumtsetse wopita kumsewu waukulu. Anasankha mwala waukulu ngati buledi, wophwatalala mbali imodzi, woti uzitchinga tayala. M'mawa uliwonse ankauchotsa n'kukauika pamwamba pa chipilala cha geti kuti ana asauseweretse. Akatero ankapita kumbuyo kwa galimoto.

"Yatsani kiyi, ikani giya yachiwiri, pondani kilachi," anawaphunzitsa motero. "Ndipo musamayang'ane kumbuyo, mungalowe m'ngalande. Kumbuyo kuli ine. Mukamva ndamenya kawiri, siyani kilachi."

Pha! Pha! Galimoto inkadumpha, kutsokomola, n'kulira, n'kuwasiya Che Iddi mu utsi wakuda akukupiza ndi chipewa.

Ndalama ankakana. "Ya chiyani, mayi? Ndi mmene ndimafundira."

Ndiye a NyaMhango ankawasiyira tiyi m'kapu yachitsulo ndi mabanzi awiri pa chipilala chomwecho. Mwezi wina anapeza tiyi atazizira osakhudzidwa masiku atatu. Sanafunse. Anangomva kwa anzawo a mumsika kuti ndi mwezi wosala kudya wa Asilamu, ndipo kuyambira pamenepo ankabweretsa kapuyo dzuwa litalowa.

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Nthawi iliyonse akakasintha oyilo, Fyson ankawaseka. "Mahita mugula liti, amama? Kapena mwakhutira ndi hita yanu ya ndevu ija?"

Kenako Che Iddi anayamba chifuwa. Akakankha, mpweya wawo unkalira ngati kamluzu. A NyaMhango anawaletsa, iwo n'kukana. M'mawa wina wa mu Epulo a NyaMhango anapeza moto utazima, mwala ukadali pansi pa tayala, mwini wake atagona pa matumba a simenti, thupi likutentha. Anaitana ophunzira anayi a pa hositelo ina. Anawagoneka Che Iddi pampando wakumbuyo, ophunzirawo n'kukankha.

Ali m'njira yopita kuchipatala, Che Iddi anayankhula motsitsa, akuyesa kuseka.

"Lero mwandikankha ndinu, mayi. Ndiye kuti ndili nanu ngongole."

"Yambani mwachira, mudzabweza," anatero a NyaMhango.

Sanachire. Anamwalira tsiku lachinayi. Anzawo a ku mzikiti ankafuna kuwaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, koma inali nyengo ija ya kusowa kwa mafuta, ndipo galimoto zambiri zinali zitaima. A NyaMhango anali ndi dizilo pang'ono amene anamugonera pamzere masiku awiri. Anatenga thupi kuchipatala n'kukalisiya ku mzikiti, ndipo madzulo anatsuka okha galimotoyo osauza munthu.

Pa hositelo paja sanalembenso mlonda msanga. Akuba anayamba kupopa mafuta ndi kumasula mabatire, choncho galimoto inayamba kugona m'kati mwa mpanda, kumunsi kwa kamtunda kaja, itayang'ana kugeti. Kuti ituluke pankafunika anthu anayi, ndipo ophunzira ankaikankha posinthana ndi mabanzi. Mwala uja a NyaMhango ankauikabe patsogolo pa tayala, ngakhale pamalo pathyathyathya. Dzanja linali litazolowera.

Mu Juni ophunzira anapita kutchuthi. Mwana wawo woyamba, Temwani, anabwera kuchokera ku Rumphi kudzadikirira mimba yake yoyamba kwa amayi ake.

Madzulo a tsikulo anali ngati ena onse. Magetsi anathima. Anayatsa kandulo n'kumasanja mazira m'matileyi, Temwani akudandaula kuti mwanayo akumumenya ngati wosewera mpira. Anapinda zitenje n'kuziika m'beseni, ngakhale kuti masiku anali akadalipo, pafupifupi mwezi wathunthu. Panja kunayamba mvula ya mawawa. Anapemphera n'kukagona.

"Amama."

Mawuwo anali apansipansi. A NyaMhango anayang'ana wotchi. Inali itangodutsa 2 koloko.

"Amama, bwerani muone."

Anaunika ndi kandulo. Anali magazi, ndipo sanali ochepa.

Anaimbira Fyson kasanu, foni yake inali yozima. Anaimbira wa takisi wina, iye n'kuti galimoto yake ili pamzere wa mafuta, yopanda ngakhale dontho. Anathamangira kwa mnansi wawo Tamara n'kugogoda mpaka zala kuwawa. Palibe anatsegula. Amuna ambiri a m'deramo anali atakagona m'magalimoto ku malo omwetsera mafuta, ndipo mkazi amene ali yekha satsegula chitseko nthawi imeneyo.

Anabwerera. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri. Anamugwiriziza Temwani mpaka pampando wakumbuyo n'kumufunditsa bulangeti. Analowa n'kupotokola kiyi.

Galimoto inabuula kamodzi.

Anadikira, n'kupotokolanso. Inabuula mwaulesi, ngati nkhalamba yotembenuka pamphasa. Kachitatu inangoti tche. Timagetsi ta kutsogolo kwawo tinatsala pang'ono kuzima.

Anatuluka, n'kuika phewa pa chitseko, n'kukankha mpaka masilipasi anaterereka m'matope. Galimoto sinasunthe ngakhale chala chimodzi. Analowanso n'kutseka chitseko.

"Amama, ndikumva kuzizira," anatero Temwani.

"Tikupita, mwana wanga."

Koma sankapita kulikonse. Anatsamiritsa chipumi pa chiwongolero. Mawu a pemphero anawathawa, anangotsala ndi dzina la Yesu basi.

Pamenepo anamva kukhwekhwereza pansi pa galimoto.

Khwee.

Anakweza mutu. Phokoso limenelo ankalidziwa. Linali la mwala ukukokedwa pa dothi. Anakumbukira kuti m'chipwirikiti chija mwalawo sanauchotse.

Mapazi anayenda pang'onopang'ono kulowera kugeti. Iwo anatong'ola maso, koma kutsogolo kunali chifunga chokhachokha. Kenako, go. Chinthu cholemera chinaikidwa pa chipilala.

Mapazi aja anabwerera. Anadutsa pafupi ndi windo lawo. Sanaone munthu, koma m'galimoto munalowa fungo la utsi wa nkhuni, la munthu amene wachezera pamoto.

Tsitsi linawaima. Komabe dzanja lawo linadziyendera lokha. Kiyi. Giya yachiwiri. Phazi pa kilachi.

Galimoto inagwedezeka. Matayala anaphwanya timiyala. Inayamba kuyenda.

"Amama," Temwani ananong'ona, "ndani akupuma choncho kumbuyoku?"

Nawonso ankaumva. Mpweya wolemera, uliwonse wothera m'kamluzu.

"Gona, mwana wanga. Usadzutse mutu."

Galimoto inafika pa kamtunda kaja, kamene kankawatulutsa thukuta anyamata anayi. Inachita ngati yaima. Kamluzu kaja kanakwera, kanakweranso. Maso a a NyaMhango anayamba kupita okha pa galasi loonera kumbuyo. Anatsala pang'ono kufikapo, n'kukumbukira. Musamayang'ane kumbuyo. Kumbuyo kuli ine.

Anabweza maso kutsogolo.

Inakwera. Zipilala za geti zinadutsa uku ndi uku. Anapotokola chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse, mphuno ya galimoto n'kuloza kumtsetse. Inayamba kuthamanga, yopanda nyali, yopanda phokoso. Kumunsi kuli ngalande ndi pokhota, ankadziwa. Koma mwendo wawo unali utauma pa kilachi ngati si wawo.

Pha! Pha!

Phazi linachoka lokha. Galimoto inadumpha, inatsokomola, inakhala ngati yafa, kenako inabangula. Nyali zinayaka. Ngalande inali pompo, ndipo anaizemba ndi tayala limodzi.

Sanaime mpaka pakhomo la chipatala. Injini sanaizimitse. Anamwino anathamanga naye Temwani, ndipo a NyaMhango anatsala pabenchi, zovala zili matope okhaokha. Kunja kukuyera, namwino wina wachikulire anabwera n'kuwagwira paphewa.

"Mwana wamkazi. Ndi wamng'ono koma akulira bwino. Mayi wake tamuika magazi, ali moyo. Mwafulumira, amama. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina."

Fyson anafika kuchipatala 7 koloko itakwana, ataona kuti anamuimbira kasanu. Anamvetsera nkhani yonse ataima, manja ali m'thumba la ovolosi.

"Kamtunda ka pageti kaja?"

"Komweko."

"Muli awiri m'kati?"

"Tinali atatu," anatero a NyaMhango.

Fyson anatulutsa manja m'thumba. Anapempha makiyi. Pobwera nayo masana inali ndi mahita ena ndi batire limene anachotsa m'galimoto yake yomwe. Za mtengo sanatchule.

Madzulo a NyaMhango anapita kunyumba kukatenga zovala ndi phala. Tamara anawachingamira pamsewu, maso ali pansi.

"Pepani chomene, anyina Temwani. Ndinamva kugogoda koma ndinaopa. Nditalimba mtima ndinasuzumira pakatani, ndiye ndinaona kuti mwapeza kale wokukankhirani. N'chifukwa chake sindinatuluke."

"Munaona ndani?"

"Nkhope sindinaione, chifunga chija. Bambo wamfupi, wa chijasi. Atamenya galimoto anatsala ataima pamsewu, akukupiza utsi ndi chipewa." Tamara anagwira pakamwa.

Nkhaniyi inayenda m'Chiputula monse. Ena ankati anali mlonda wa kwina amene anangodutsa. Ena ankati mayi akaona mwana wake akufa amakhala ndi mphamvu za amuna khumi, ndipo anaikankha okha n'kuiwala. Amayi ena a kutchalitchi anati pafunika mapemphero pabwalopo. A NyaMhango sanatsutse aliyense.

Tsiku limenelo, Tamara atapita, iwo anaima pageti. Mwala uja unali pamwamba pa chipilala, mbali yophwatalala ili pansi, utasunthidwira pang'ono kumanzere, kusiya malo okwana kapu.

Analowa m'nyumba, anawiritsa madzi, n'kutuluka ndi tiyi m'kapu yachitsulo ija. Anaiika pambali pa mwalawo.

"Yewo chomene, Che Iddi," anatero motsitsa. "Mwabweza. Kapumeni tsopano."

Analowa m'galimoto n'kupotokola kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi.