Sosayiti ya Masikipa

Pakomboni ya pulazi, famu ina ya fodya kufupi ndi tauni ya Banket, nyumba ya bambo Laxon ndi mayi Selestina inali ya mtendere. Ankapemphera asanadye, ndipo mwana wawo Learnmore anakula osadziwa njala.

Bambo Laxon anali m'sosayiti ya maliro imene makolo ochokera ku Malawi anayambitsa poopa kutayidwa ngati agalu m'dziko la eni. Kulowamo sanali masewera. Akuluakulu ankayamba aona khalidwe lako, kenako n'kukupatsa piki kuti uzikumba manda a anzako. Mlesi ndi chidakwa ankabwezedwa.

Msana utayamba kuwavuta, bambo Laxon anaitana mwana wawo.

"Lowa m'malo mwanga, Learnmore. Ukakumbira anzako, iwonso adzakukumbira."

"Mudhara, zimenezo n'zachikale. Ine za matuza m'manja ayi."

"Mwanawe, imfa siuza munthu tsiku," anatero mayi ake. Koma mawuwo anangolowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Kubawa Learnmore anakumana ndi Reason, mnyamata wa pakamwa potsekemera amene anali atayambitsa sosayiti yakeyake.

"Shamwari, bwera kwathu. Ife sitifunsa mbiri ya munthu. Kireti imodzi ya doro, mowatu, walowa. Tikupatsa sikipa yolembedwa dzina kumsana."

"Nanga kukumba?"

"Tilipo ambiri, wina adzakumba."

Taonani manyazi ake! Chimene makolo ankalowera ndi thukuta, ana anayamba kulowera ndi botolo. Anyamata onse a pakomboni anakhamukira kwa Reason, sosayiti yakale n'kutsala ya nkhalamba zokhazokha. Learnmore anafika mpaka pokauza akuluakulu aja kuti banja lawo latulukamo. Pamaliro a ena ankangopita kukadya ndi kuonetsa sikipa, akatero ulendo kubawa.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bambo Laxon anamwalira. A masikipa anabweradi, akununkha mowa. Kumanda anapeza nthaka yauma gwa. Anakumba kulekeza m'mawondo, Reason n'kutaya piki.

"Apa pali mwala, vakomana. Popanda doro sizitheka."

Mowa utabwera anamwa, anakangana, anamenyana, mmodzimmodzi n'kuzemba. Dzenje linatsala lili kukamwa yasa.

M'mawa mwake nkhalamba za sosayiti yakale zinabwera ndi ndodo zawo, ngakhale zinali zitanyozedwa. A Simao, mnzawo wa malemu, anayesa kukweza piki koma inawagwetsa. Anakhala pansi n'kulira.

"Laxon anakumbira komboni yonseyi. Mtima tili nawo, koma manja anatha."

Kunyumba kuja, amayi okhala pamaliro anayamba kutseka mphuno ndi zitenje. Mayi Selestina anatuluka, maso ali psuu, n'kuima pamaso pa mwana wawo.

"Bambo ako ayamba kununkha, Learnmore. Kakumbe."

Anthu anaweramitsa mitu, pakuti mwa Achewa mwana sakumba manda a kholo lake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu apadera, ndipo banja limene likudzikumbira lokha ndiye kuti latayidwa ndi mudzi. Learnmore analowa m'dzenjemo yekha, nakumba akulira mpaka magazi kutuluka m'manja. Bambo ake, munthu wolemekezeka, anaikidwa mothamanga, nyimbo yachiwiri isanathe.

Achinyamata, chenjerani ndi gulu limene likulandirani osafunsa khalidwe lanu kapena kufuna thukuta lanu. Limabwera kudzadya, ndipo tsiku la tsoka lidzakusiyani nokha kumanda.