Chala cha Mchere

Sikono, mphaka wa Angella, anatuluka m'khitchini mwa a NyaGondwe oyandikana nawo nyumba, atanyamula mutu wa nsomba kukamwa, chipande chikumutsatira m'malere. Chipandecho chinamuphonya n'kukamenya ndowa imene Angella anali atangotula pakhonde.

Pakhomo pa khitchiniyo panatulukira Nelly, mwana wa a NyaGondwe, maso ali psuu ndi utsi komanso mkwiyo.

"Iwe Angella, chona wako wabanso dende lathu. Kwanu simuphika?"

"Dzina lake ndi mphaka, osati chona. Ndipo ndi ndiwo, osati dende," anayankha Angella. "Ukafuna kundikalipira, yamba waphunzira kuyankhula."

Umo ndi mmene Angella analili. Anabwera ku Rumphi kuchokera ku Zomba, mayi ake atasamutsidwa kudzaphunzitsa pa sekondale ina pafupi ndi Njakwa. Chaka chinali chitatha koma analibe mnzake ndi mmodzi yemwe, ndipo mlandu sunali wa anthu a kumeneko. Akamupatsa moni wa Chitumbuka ankangokweza nsidze. Ankanena poyera kuti sangadzivutitse ndi chiyankhulo choti akachisiya pa Jenda tsiku lobwerera kwawo. Mnzake yekhayo anali Sikono, mphaka wofiirira amene anabwera naye m'katoni yoboola, ndipo ankamukonda kuposa chilichonse.

Vuto linali chakudya. Ku Zomba malume ake ankamugulira mphakayo timibulu touma ta m'paketi, ndipo mwa apo ndi apo chakudya chofewa cha m'chitini. Kuno zinthu zimenezo zinkapezeka ku Mzuzu, pa mtengo woti mayi ake atauona anangobwezera paketiyo pa shelefu. Sikono naye anali ndi matama ngati mwini wake. Mkute ankangoununkhiza n'kuyang'ana kumbali. Njala itamukola, anayamba kuyendera makhitchini a eni.

Madzulo a tsikulo a NyaGondwe anadzadandaula okha, mwaulemu koma mosabisa mawu. Atachoka, mayi a Angella anamuitana mwana wawo.

"Ndatopa ndi kupepesa," anatero. "Akabanso kamodzi kokha, ndimupereka kwa a Hezron a ku Mwazisi azikawagwirira makoswe m'shedi ya fodya."

"Amayi, chonde. Ndi njala chabe. Mukanangogula timibulu tija..."

"Timibulu tidye malipiro anga onse? Kwa a NyaGondwe kuli mphaka wonenepa, ubweya wake waliwali, ndipo sanalowepo m'sitolo. Pita ukafunse Nelly zimene amamupatsa."

Angella akanakonda kutafuna tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja kusiyana ndi kukafunsa Nelly. Koma ataganiza za Sikono ali yekha m'shedi ya fodya, mtima unamupweteka. M'mawa mwake anapita kuseri kumene Nelly ankatsuka mbale. Moni sanapereke.

"Amayi akuti undiuze zimene mumapatsa mphaka wanu."

Nelly sanadzutse mutu. Anapitiriza kukwecha poto ndi phulusa ngati potoyo ndi amene anamulakwira.

"Ugule usipa wouma pamsika, ndi wotchipa. Uunyike m'madzi, uuphike, uusinje. Nthawi zina dzira lowiritsa. Mchere chara. Anyezi chara."

"Basi?"

"Basi. Ukufuna ndikulembere pa bolodi?"

Angella anatembenuka osathokoza. Akuyenda anayang'ana chala chake chamkombaphala. Mchere chala, anyezi chala. Muyeso wake unali wachilendo, koma anaganiza kuti anthu a kuno ndi mmene amayezera zinthu. Kubwerera kuti akafunsitse kukanakhala kudzitsitsa, ndipo Angella sankadzitsitsa.

Anachita zonse mosamala kwambiri. Ankathira mchere m'dzanja mpaka mzere wake ufanane ndi chala, n'kudula anyezi wautali chimodzimodzi, n'kuphikira pamodzi ndi usipa. Fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Tsiku loyamba Sikono anazengereza, koma njala ilibe manyazi. Anadya, n'kunyambita mbale. Kuba kunatha, mayi ake anasiya kutchula za ku Mwazisi, ndipo Angella ankadutsa pakhomo pa Nelly mutu uli m'mwamba.

Patapita masiku, Sikono anayamba kusintha. Ankamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Kenaka anayamba kusanza. Anasiya kuthamangitsa abuluzi pakhoma, n'kumangogona pansi pa tebulo akupuma mofulumira. Loweruka masana Angella anamunyamula, mutu wa mphakayo n'kungolendewera. Atamutsegula kukamwa anaona nkhama zayera mbee.

Mantha anamugwira, ndipo mantha aja sanachedwe kusanduka ukali. Ndani ankadana ndi Sikono? Ndani anamuponyera chipande? Sanadikire kuti mayi ake abwere kuchokera kumsika. Anathamangira kumjigo, kumene Nelly anali pamzere ndi atsikana ena ndi azimayi angapo.

"Wamupatsa chiyani mphaka wanga?"

Wopopa madzi anasiya kupopa.

"Ine? Chona wako sindinamuone sabata yonse."

"Bodza. Wamuthirira mankhwala a makoswe chifukwa cha kamutu ka nsomba. Anthu inu mumuone bwino uyu. Lero ndi mphaka, mawa adzathira m'ndowa zanu."

Mayi wina anakokera ndowa yake pafupi. Mwina sanaganize kanthu pochita zimenezo, koma Nelly anaona. Anasiya ndowa yake pamzere n'kuthamangira kwawo akulira.

A NyaGondwe sanali munthu wa phokoso, koma tsiku limenelo anafika pakhomo pa mayi a Angella atamanga chitenje m'chiuno zolimba, Nelly ali pambuyo pawo. Anapeza mayiwo atangofika kumene.

"Aphunzitsi, mwana wanu wanena mwana wanga kuti ndi wakupha, pamaso pa anthu. Mawu amenewo kuno ndi olemera chomene. Tiyeni tonse kwa alangizi a ziweto, akatiuze ngati ndi mankhwala."

Alangiziwo, a Mhango, ankakhala kuseri kwa msika. Anapita onse anayi, mphepo ya ku Rumphi ikuwathira fumbi m'maso. Angella anali atakulunga Sikono m'thawulo. A Mhango anamugoneka mphakayo patebulo, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kumutsina khungu la pakhosi.

"Magazi achepa kwambiri, madzinso atha m'thupi," anatero. "Wakhala akudya chiyani?"

"Zimene anandiuza uyu," anatero Angella akuloza Nelly ndi mlomo. "Usipa wophika, mchere chala chimodzi, anyezi chala chimodzi. Tsiku lililonse, osaphonya."

"Anyezi?" A Mhango anavula magalasi. "Anyezi amaononga magazi a mphaka. Mchere wochuluka chotero umamuumitsa m'thupi. Nelly, iwe unamuuza zimenezi?"

"Mwamva?" Angella anatembenukira kwa mayi ake. "Sanafune n'kugula komwe mankhwala. Anandiuza dala kuti ndimuphe ndi manja anga."

Nelly anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Mawu ake anatuluka pang'onopang'ono.

"Ine ndinati mchere chara. Anyezi chara."

"Ee, ndi zomwezo. Chala."

A NyaGondwe anagwira pakamwa. Mayi a Angella anatseka maso, chifukwa iwo liwulo ankalimva tsiku ndi tsiku kwa ana a m'kalasi mwawo.

"Mwana wanga," anatero a Mhango mofatsa, "wakhala nthawi yaitali bwanji kuno?"

"Chaka."

"Chaka chathunthu, osadziwa chara? M'Chitumbuka chara ndiye kuti ayi. Mnzakoyu anakuuza kuti usathire mchere, usathire anyezi."

Palibe anaseka. Angella akanakonda anthuwo akanaseka, mwina zikanapepukako. Anayang'ana chala chake, chomwe chija ankayezera mosamala m'mawa uliwonse, kenaka anayang'ana Sikono akupuma movutikira. Liwu la chara analimvapo kambirimbiri, kumjigo, kumsika, pabwalo la mpira, koma makutu ake anali otseka dala.

"Achira?" anafunsa, mawu osamveka bwino.

"Sindikulonjeza. Ndimubaya jakisoni ndi kumupatsa madzi, atsale kuno. Akadzuka, uzimupatsa zomwe anakuuza Nelly. Chiwindi cha nkhuku chophika pang'ono chimuthandiza kubwezera magazi. Mkaka ayi, amphaka umawatsegula m'mimba. Mukadzapeza mpata wogula timibulu ku Mzuzu, musathamangire paketi yokongola. Muwerenge kumbuyo, choyamba kutchulidwa chikhale nyama kapena nsomba, ndipo pambali pake pazikhala madzi akumwa nthawi zonse. Mukamasinthanitsa ndi usipa, paketi imodzi ikhalitsa."

Pobwerera a NyaGondwe ndi Nelly anatsogola, osacheuka. Mayi a Angella anayankhula kamodzi kokha.

"Unamunyozera kumjigo. Ukapepesera komweko."

Lolemba madzulo Angella anapita kumjigo. Anthu anali ambiri kuposa tsiku lija, ndipo nkhani inali itafika kale. Kamnyamata kena kanakweza chala m'mwamba, atsikana n'kuyamba kusekera m'zitenje. Angella anafuna kubwerera, koma anaona Nelly ataima payekha kumapeto kwa mzere, ndowa yake ili patali ndi za anzake.

"Ndinanama," anatero mokweza kuti onse amve. "Nelly sanapatse mphaka wanga mankhwala. Anandiuza zoona, ine ndi amene sindinamve. Amene ndinadwalitsa Sikono ndine." Kenaka anatulutsa mawu amene anapempha mayi ake kuti amuphunzitse. "Phepani chomene."

Anawatchula mokhota, ndipo ena anaseka. Mayi uja anakokera ndowa tsiku lija anatenga ndowa ya Nelly n'kuiika kutsogolo kwa yake. Nelly anatunga madzi ake n'kumapita.

Sikono anabwera kunyumba kumapeto kwa sabata, ataonda, nthiti zikuwerengeka, akuyenda mopepesuka. Angella anamuyalira thumba pakhonde pamene pankafika dzuwa. Ali pomwepo anamva mapazi. Anali Nelly, atanyamula kambale kovundikira.

"Kwathu tapha nkhuku. Ichi ndi chiwindi. Ndi cha chona, osati chako."

Anaika kambaleko pansi. Sikono ananunkhiza, n'kuyamba kudya pang'onopang'ono. Nelly ananjuta n'kumamukanda kuseri kwa khutu, nkhope yake ili gwa ngati kale.

Angella anasisita manja pa siketi yake.

"Nelly, wandikhululukira?"

"Chara," anatero Nelly, osamuyang'ana.

Ulendo uno Angella anamva bwinobwino, ndipo zinamupweteka. Sanayankhe mwano, sanakweze nsidze. Anasendera pang'ono kuti mnzakeyo apeze pokhala pakhonde.

"Yewo chifukwa cha chiwindi," anatero motsitsa mawu.

Nelly sanakhale, koma sanachokenso mpaka mphakayo atamaliza kudya.