Nambala ya Pansi pa Njinga

Kizito anaima pambali atagwira njinga yake yatsopano, koma panalibe woiyang'ana. Anthu onse pashedi ya a Sefu, okonza njinga pamsika wa Domasi, anali ataunjikana pa chinjinga chadzimbiri cha mchemwali wake wamng'ono, Mervis.

Njingayo inali ya malemu agogo awo. Mervis anaitsitsa kudenga, naipukuta, n'kumapita nayo kusukulu. Inali ndi matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Kizito ndiye ankatsogolera kumuseka mumsewu.

"Mwanawe, ukudziwa chimene wakwerachi?" anafunsa a Sefu akusisita kachizindikiro kakutsogolo. "Taona mbalame ya khosi lalitaliyi. Iyi ndi Raleigh, ya mpikisano. Onanso pomwe pali tosinthira magiya, pafulemu, osati pahandulo. Ndi mapangidwe akale amenewa."

"Ndiye ndi ya chaka chanji?" anafunsa Mervis.

"Pansi apa, pakati pa mapedulo, pali nambala. Lero ndaiwala magalasi. Ndidzabwera kwanu Loweruka, tidzaiwerenge."

Atanyamuka, anyamata a Fomu 4 anathamangira Mervis kupempha kuti aiyeseko. Kizito anapalasa yekha kumbuyo. Kunyumbanso nkhani inali yomweyo. Bambo awo, a Enock, anasiya khasu pakhonde n'kuizungulira njingayo kawiri.

"Agogo anu ankati anaigula yatsopano chaka chomwe ine ndinabadwa, 1977," anatero. "Akuti mayi ananditenga kuchipatala wapansi, iwo akukankha njingayi pambali monyadira. Ife tinkangoti ndi nkhambakamwa. Loweruka ndidzadziwa."

"Nanga yangayi simukuiona?" anatero Kizito.

"Yakoyo tikuidziwa, ndi ya chaka chino," anayankha bambo osacheuka n'komwe.

Lachisanu masana onse ali kudimba la mpunga, Kizito anatenga tupa yonolera zikwanje nalowa m'nyumba. Anaigadabuza njinga ya Mervis ija, napala dzimbiri ndi chikhadabo. Nambala inaoneka bwinobwino. Anaiyang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenako anayamba kupala, mpaka pamalopo panangotsala chitsulo chosalala, chowala ngati supuni.

Loweruka m'mawa a Sefu anafika atavala magalasi awo. A Enock anali atavala malaya opita nawo kutchalitchi. Mervis anagadabuza njinga akumwetulira, a Sefu nawerama.

"Apa padutsa tupa," anatero a Sefu. "Posachedwa pomwepa."

"Ndiye simungadziwe chaka?" anafunsa a Enock.

"Mtundu ndaudziwa. Koma chaka chenicheni, ayi. Ndingangoti zaka za m'ma 70 kapena m'ma 80."

Mervis anayamba kulira. Kizito ankayembekezera kuti amva kukoma, koma maso ake anali pa bambo ake. Bambowo sanakalipe. Anagwada pafumbi ndi malaya abwino aja, n'kumasisita pachitsulo chowalacho ndi chala chachikulu, ngati nambala ibwerera.

"Basi," anatero motsitsa mawu. "Ndimafuna ndingodziwa ngati mdala uja ankanena zoona."

Kizito anafuna kuthawira kumtsinje, koma pakamwa panatseguka pokha.

"W, K, seveni, ziro, ziro..." Anatchula nambala yonse mpaka kumapeto.

Onse anatembenuka.

"Achimwene, mwaidziwa bwanji?" anafunsa Mervis akupukuta misozi.

Kizito anangoyang'ana pansi. Panalibe wofunsanso kachiwiri.

A Sefu analemba nambalayo padothi ndi kamtengo. "Zilembo ziwirizi zikunena fakitale ndi mwezi. Nambala yoyamba ndiyo chaka. Seveni. Ndiye kuti ndi 1977 kapena 1987, koma pofika 1987 magiya amtunduwu anali atasintha; a Enock, njingayi ndi mnzanu wobadwa naye. Bambo anu sananame."

A Enock anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Kenako anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, n'kuyang'ana mwana wawo wamwamuna.

"Nambala ija tsopano ili m'mutu mwako mokha," anatero. "Aliyense wofunsa zaka za njingayi, Mervis azimutumiza kwa iwe. Ndipo uzimufotokozera chifukwa chake."

Lolemba pasukulu, anyamata a Fomu 4 aja anafunsadi. Mervis anangoloza mchimwene wake.